Mutu 6: Peilan ndi Inki Yofiira

1. Ngodya yopinda

Lachisanu limenelo Shen Peilan ndi msuweni wake Ruikang anatuluka m'nyumba seveni koloko isanakwane. Anaima kaye pa ngolo ya mayi wogulitsa mabanzi otentha a nyama m'kati, kenako anayamba kutsika msewu wopita kusukulu, aliyense akuuzira banzi lake.

Peilan anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Chinali chaka chachiwiri akukhala kwa azakhali ake kuno ku Nanjing, chifukwa makolo ake ankagwira ntchito pa fakitale ina kutali kummwera. Ankagona pa bedi lopinda m'chipinda chochezera, ndipo m'mawa uliwonse ankalichotsa azakhali asanadzuke.

Ruikang, mwana yekhayo wa azakhaliwo, anali wamkulu ndi chaka chimodzi. Tsiku limenelo anali mmodzi mwa ana khumi a kalasi yomaliza amene ankapikisana kulemba chimangirizo. Wopambana ndiye akaimire sukulu pa mpikisano wa mzinda wonse, ndipo aliyense ankadziwa kuti chikalata cha kumeneko chimamveka bwino pofuna malo ku sekondale yabwino. Azakhali anali atauza kale anansi onse a pa makwerero a nyumba yawo yansanjika kuti mwana wawo akupita.

Chaka chapitacho makolo ena anadandaula kuti aphunzitsi amazindikira kalembedwe ka ana amene amawakonda. Nchifukwa chake Aphunzitsi a Bian, mayi wophunzitsa zolemba, anaganiza zoti mpikisanowo uchitikire ku nyumba yosungiramo mbiri ya mayeso akale, ndiponso motsata njira ya makolo. Mayina adzamatidwa. Ana ena khumi a kalasi ya m'munsi, odziwa kulemba mwaukhondo, adzakopera mapepala onse, kuti woweruza asaone dzanja la mwini wake. Peilan anali mmodzi mwa okoperawo.

Atafika pa mlatho, Ruikang anachepetsa liwiro.

"Iwe Kamlembi," anatero, chifukwa ndi mmene ankamutchulira. "Pepala langa ndipinda ngodya ya m'munsi, kumanzere. Pang'ono chabe. Ulitenge iweyo."

Peilan anafunsa kuti akalitenga atani nalo.

"Usadzipusitse. Ukudziwa kuti ine poyambira ndimathamanga, koma pomalizira ndimakhala ngati njinga yoduka tcheni. Iwe mathero umawadziwa. Mizere isanu yokha. Inki yake ndi imodzi, dzanja ndi lako kuyambira pamwamba mpaka pansi. Angadziwe ndani?"

"Achimwene, bwanji osangomaliza nokha?"

Ruikang anaseka, n'kumukumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Anawonjeza kuti iyeyo sanaululepo za mbale ya maluwa ija Peilan anaswa m'nyengo yozizira.

Peilan sanavomere, komanso sanakane. Anamaliza banzi lake, n'kupinda kapepala kake kamafuta kanayi.

2. Kutsikira pansi

Nyumba ya mbiriyo ili pansi pa nthaka, pafupi ndi mtsinje. Ana anatsika njira yaitali yotsetsereka, yozungulira, phokoso la magalimoto likunka lizilala pamwamba pawo.

Pansi anawalandira mkulu wina woonda, wovala jekete yotuwa yomanga mabatani mpaka m'khosi. Aphunzitsi a Bian anati amenewo ndi Agogo a Tong, amene anagwira ntchito zaka makumi anayi pa kampani yosindikiza mabuku, ndipo atapuma anadzipereka kumaonetsa alendo malowo.

Peilan anaiwala za ngodya ija kwa kanthawi. Ankayenda kumbuyo kwenikweni kwa agogowo, kope lili m'manja, ndipo pa galasi lililonse loonetseramo zinthu zakale ankatsala.

Anaona malaya am'kati olembedwa tizilembo thupi lonse, tating'ono ngati nyerere, amene munthu wina anavala kuti aonere mayeso. Anaona kabuku kokwana m'chikhatho, koti kabisike m'nsapato. Atafunsa kuti munthu woleza mtima chomwecho analepheranji kungoloweza zimene analembazo, Agogo a Tong anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kunena kuti funso limenelo nawonso akhala akudzifunsa kwa zaka zambiri.

Anafunsanso ngati panali mtsikana amene analowapo m'mayesowo. Agogo anati ayi, khomo limenelo linali la amuna okha kwa zaka zoposa chikwi. Mnzake wa pa desiki, Manli, ananong'oneza kuti mwina ankaopa kuti akazi atenga malo onse.

Kenako anakwera kunja, kumene kuli mizere ya tizipinda ta njerwa, topanda zitseko. Kachipinda kalikonse kanali ndi matabwa awiri okha, lina lokhalira, lina lolembera. Agogo a Tong anasolola thabwa lapamwamba, n'kulilowetsa m'munsi moyandikana ndi linzake, kusonyeza mmene munthu ankagonera atapinda miyendo. Anati kale tizipinda totere tinalipo toposa zikwi makumi awiri, ndipo olemba mayeso ankalowa katatu, masiku atatuatatu. Asilikali a pa chipata ankabenthula ngakhale mikate yawo pofuna kuona ngati mulibe kapepala.

Ruikang analowa m'kachipinda kamodzi, mawondo ake n'kugunda thabwa. Anafunsa ngati anthu akale onse anali afupi ngati Manli. Ana anaseka. Manli anayankha kuti anthu akale ankakula mutu, osati miyendo, ndipo anawo anaseka koposa.

Chimene chinamugwira Peilan chinali m'galasi lomaliza asanakwere. Munali mapepala awiri ogonekedwa pamodzi. Lina linali la inki yakuda, linalo la inki yofiira, koma mawu ake anali amodzimodzi. Anawerenga mzere woyamba uku ndi uku, akuloza ndi chala pa galasi. Sanapeze kusiyana.

"Lakuda ndi la wolemba mayeso," anatero Agogo a Tong. "Lofiira ndi la wokopera. Woweruza ankaona lofiira lokha. Imeneyo ndi ntchito yanu lero."

3. Mzere umodzi wa agogo awo a Tong

Nthawi ya naini koloko ana khumi opikisana aja analowa m'tizipinda, aliyense ndi pepala ndi cholembera chakuda. Anapatsidwa ola limodzi ndi theka. Okopera anawatengera ku chipinda china chokhala ndi tebulo lalitali, ndipo chitseko chinatsekedwa kuti asaonane nawo.

Aphunzitsi a Bian anagawa zolembera zofiira. Ananena kuti kale kunkakhalanso anthu ena, a inki yachikasu, amene ankafananitsa pepala lofiira ndi lakuda. Lero kunalibe anthu otero, chifukwa basi imene anabwera nayo kuchokera kusukulu inali yobwerera wani koloko. Mapepala akuda akangokopedwa adzatsekeredwa m'envulopu, ndipo sadzatsegulidwa mpaka wopambana atadziwika.

Mnyamata wina anafunsa kuti akapeza cholakwa m'pepala akonze kapena ayi. Aphunzitsi anayang'ana Agogo a Tong. Agogowo anakoka mpando, n'kukhala kumapeto kwa tebulo, manja ali pa mawondo.

"Ana inu, ndikuuzeni za agogo anga, bambo a bambo anga. Iwo anali wokopera pa mayeso omaliza amene anachitika pamalo ano, mfumu isanathetse mayesowo. Anali mnyamata wosauka wa dzanja labwino. Okopera ankakhala mazanamazana m'chinyumba chimodzi, osaloledwa kutuluka mpaka ntchito itatha. Lamulo lawo linali limodzi: chimene waona, lemba. Cholakwa uchikopere cholakwa. Pamene mwini wake waima, nawe ima.

"Tsiku lina kunawafikira pepala limene anangolizindikira. Dzina linali lomata, koma dzanja silimatika. Linali la aphunzitsi awo a kumudzi, bambo amene anawaphunzitsa kugwira burashi yolembera, amene anali atalephera mayesowo kasanu ndi kawiri. Pepalalo linali labwino, koma penapake, potchula mawu a m'buku lakale, anadumpha mzere umodzi. Agogo ankaudziwa mzerewo, chifukwa anauphunzira kwa iwo omwewo. Anaulembamo. Wa inki yachikasu kaya anali atatopa, kaya anaona n'kutsinzina, sitikudziwa. Aphunzitsi aja anakhoza."

Manli anati ndiye kuti nkhaniyo inatha bwino.

"Dikira, mdzukulu. Munthu wokhoza ankaloledwa kudzaona mapepala ake. Aphunzitsi aja anaona mzere umene sanalembe, ndipo anadziwa dzanja la mwana wawo wa sukulu. Mukuganiza kuti anathokoza? Kuyambira tsiku limenelo, akaona agogo akubwera mumsewu ankakhotera kwina. Anthu akamawayamikira, nkhope yawo inkagwa. Anamwalira osalowanso m'nyumba mwathu. Munthu amene wamukweza pa mpando ndi dzanja lobisa sakuthokoza ayi, amakuopa.

"Koma chimene chinkawavuta agogo kwambiri si chimenecho. Malo okhoza anali owerengeka. Wina akalowa, wina ankatsala kunja. Ndiye kuti kwinakwake kunali munthu amene anayenda masiku ambiri kudzafika kuno, amene sanadumphe mzere uliwonse, n'kubwerera kwawo chimanjamanja chifukwa cha burashi ya agogo anga. Ankati aphunzitsi awo ankawadziwa nkhope, nchifukwa chake anawamvera chisoni. Winayo analibe nkhope. Mpaka ukalamba wawo ankafunsa kuti kodi anali ndani, anali ndi ana angati.

"Ine ndagwira ntchito yosindikiza moyo wanga wonse. Ndaikapo m'makina mawu ambiri oti ndikanatha kuwalemba bwino kuposa eni ake. Dzanja limayabwa, ndikudziwa. Koma mukatenga cholembera chofiiracho, dzanja limenelo si lanunso. Mwalibwereketsa kwa ana khumi onsewo, osati kwa mmodzi. Ndiponso makolo anali ndi lamulo lina. Wogwira ntchito ya mayeso akakhala ndi mbale wake m'katimo, ankanena poyera, kuti awasiyanitse. Sankayembekeza kuti mtima wake ulimbe pa wokha. Ankadziwa kuti mtima wa munthu ndi wofewa pa mwana wa kwawo."

Atatero anaimirira, n'kupita kukathira madzi otentha m'botolo lawo la tiyi. Peilan anatsegula cholembera chake chofiira n'kuchitsekanso.

4. Mayina a pa njerwa

Nthawi itakwana, Aphunzitsi a Bian analowa ndi mapepala khumi. Pamwamba pa lililonse anali atapinda dzina, kulimata ndi guluu, n'kulemba nambala. Anawayala chafufumimba pa tebulo ndipo anati aliyense atenge limodzi.

Peilan analiona nthawi yomweyo. Linali lachitatu kuchokera kumapeto, ngodya yake ya m'munsi itapindika pang'ono, ngati khutu la galu. Mnyamata wina anali atatambasula kale dzanja kuloza komweko. Peilan anamupitirira, n'kulitenga.

Mutu umene anapatsidwa onse unali wa liwu limodzi: Njerwa.

Anayamba ndi kuwerenga. Ruikang analemba za tsiku limene bambo ake anamutengera pa linga lakale la mzinda ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambowo anamunyamula pa phewa kuti aone mayina odindidwa pa njerwa: dzina la woyang'anira, la wowotcha, la woumba. Anamuuza kuti njerwa ikapezeka yosalimba, ankatsata dzinalo mpaka kumudzi kwa mwini wake. Ruikang analemba mmene anayendetsera chala m'zilembo za munthu wina woumba, wakufa zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo, n'kumva ngati wamugwira chanza.

Peilan sanadziwe kuti msuweni wake angalembe chomwecho. Anabwerezanso ndime ija ya chala. Anatsegula tsamba lachiwiri.

Pa tsambalo panali mizere inayi yokha. Womalizira unathera pakati: "Tsopano ndikaona linga limeneli ndimaganiza kuti". Pansi pake panali poyera.

Mathero anamubwerera okha, osawaitana. Anatenga kapepala koyesera inki, n'kulembapo mizere iwiri mofulumira. Inali yabwino. Anaona kuti itatu yotsatira ikudikira kale kunsonga kwa cholembera.

M'chipindamo munkamveka zolembera zokha. Manli, amene anakhala pambali pake, anamugunda ndi chigongono, n'kumufunsa monong'ona ngati akuyembekeza kuti pepalalo lidzikopera lokha. Manliyo anali atafika kale pa mzere wachisanu ndi chitatu wa pepala lake, ndipo anadandaula kuti mwini wake amalemba ngati nkhuku yopalasa.

Peilan anayang'ana pepala la Manli. Anali mawu a munthu amene sankamudziwa. Anthu otero analipo asanu ndi anayi pa tebulopo.

Anafinya kapepala koyesera kaja, n'kukaika m'thumba la siketi. Kenako anaimirira, mpando n'kulira pansi, ana onse n'kudzutsa mitu. Anapita kutsogolo atanyamula pepala lakuda ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, dzanja ili ndikulidziwa. Ndi la achimwene anga. Sindingalikopere."

Aphunzitsi a Bian anayang'ana pepala lake lofiira, naona kuti silinalembedwe kanthu. Anafunsa kuti zinatheka bwanji kuti pa mapepala khumi ofufumimba, la mbale wake ligwere iyeyo.

"Ndinalisankha ndekha."

"Unalidziwa bwanji lili chafufumimba?"

Peilan anayang'ana pansi.

Agogo a Tong anali atayandikira. Analandira pepalalo, chala chawo chachikulu n'kupeza ngodya ija. Anaiwongola pang'onopang'ono, n'kuisita ndi chikhadabo pa tebulo. Anati mwanayo wanena inki isanagwe, ndipo m'malamulo akale chotsatira chinali kumusiyanitsa ndi pepalalo, basi.

Aphunzitsi a Bian anayang'ana ngodyayo nthawi yaitali. Mzere wa popinda unkaonekabe. Anauza Manli kuti akamaliza pepala lake akoperenso limeneli, ndipo kwa Peilan anapereka pepala la mnyamata wina wochedwa kukopera, amene anali asanapite patali.

"Iwe ndi ine tikambirana Lolemba, tisanalowe m'kalasi," anauza Peilan motsitsa mawu.

Pepala latsopanolo linali lotopetsa. Mwini wake anabwereza mfundo imodzi katatu, ndipo penapake anasokoneza zaka za linga. Peilan anakopera zonse monga mmene zinalili. Atamaliza, chala chake chapakati chinali chofiira.

Manli atafika pa tsamba lachiwiri la pepala la Ruikang anatembenuka, n'kufunsa ndi maso kuti kwinako kuli kuti. Peilan anapukusa mutu. Manli analemba mpaka pa liwu lomaliza, n'kutseka cholembera.

5. M'basi

Pobwerera Ruikang anasiya anzake kumbuyo, n'kudzakhala pafupi ndi Peilan. Anali ndi phukusi la mtedza wokazinga, ndipo anamuthirira wambiri m'manja. Ataona chala chofiiracho anaseka, n'kunena kuti Kamlembi wagwira ntchito. Anafunsa kuti wamaliza bwanji, kuti akafunsidwa asadzasochere.

Peilan anamuuza zonse, kuyambira pa kutenga pepala mpaka pa mawu a Lolemba. Ananena kuti za ngodya sanaulule kuti anapinda ndani, koma aphunzitsi ali ndi maso.

Ruikang anasiya kutafuna.

"Ndiye lapita choncho? Lothera pakati?"

"Lapita mmene munalilembera."

"Umadya mpunga wa amayi anga zaka ziwiri," anatero, mawu ali pansi kuti ena asamve. "Mizere isanu yakukanika?"

Peilan anabweza mtedza uja m'phukusi. Kenako ananena kuti chimangirizocho chinali chabwino kuposa chilichonse chimene iye analembapo, makamaka pa chala ndi dzina la woumba. Anafunsa ngati nthawi inamuthera.

Ruikang anati ayi. Inatsala mphindi makumi awiri. Anangokhala m'kachipinda muja n'kumayang'ana khoma.

"Mathero munalibe?"

"Ndinali nawo." Anapukuta manja pa buluku. "Ndinaona ngati ako akhala abwino kuposa anga."

Basi inadutsa pansi pa chipata cha linga, mdima wa pang'ono n'kulowa m'mawindo, kenako kuwala. Onse awiri sanayang'ane kunja. Atatsala pang'ono kufika, Ruikang ananena kuti asawauze amayi ake, adikire kaye zotsatira. Peilan anafunsa kuti azakhali akhudzidwa bwanji ndi za okopera. Ruikang anaimirira, n'kubwerera kwa anzake.

6. Ntchafu ya bakha

Madzulo a tsiku limenelo azakhali anabwera ndi theka la bakha wa mchere kuchokera pa sitolo ya pa kona, imene anthu amaima pa mzere. Bakha ameneyo m'nyumbamo ankagulidwa pa chikondwerero, kapena kukabwera mlendo. Bambo a Ruikang anali asanaweruke, choncho pa tebulo anakhala atatu.

Azakhali anali osangalala. Anafotokoza kuti akumana ndi mayi wa pa nyumba ya pamwamba, amene mwana wake analembanso mpikisanowo, ndipo amuuza kuti asataye mtima, chaka chilichonse wopambana amakhala mmodzi. Anaseka okha. Ruikang ankangoyang'ana mbale yake ya mpunga.

Theka la bakha limakhala ndi ntchafu imodzi. Pa zaka ziwiri zonsezo ntchafuyo inkapita m'mbale ya Ruikang, ndipo palibe amene ankaona chachilendo. Tsiku limenelo azakhali anaitola ndi timitengo tawo todyera, naidutsitsa pamwamba pa mbale ya mwana wawo, n'kuiika pa mpunga wa Peilan.

"Idya, mwana wa mchimwene wanga. Dzanja limenelo latopa lero." Anatsitsa mawu, akumwetulira. "Ngodya ija sinavute kuipeza? Ndinamuuza kuti apinde pang'ono pokha, iyeyu amachita zinthu mopyola."

Peilan anayang'ana Ruikang. Ruikang sanadzutse mutu.

Ntchafuyo inali pa mpunga, mafuta ake akulowa pang'onopang'ono. Peilan anatenga timitengo take. Chala chofiira chija chinkaoneka bwino pansi pa nyale. Anainyamula ntchafuyo mosamala kuti isagwe, n'kuibwezera m'mbale yaikulu ya pakati.

"Azakhali, ntchafuyi si yanga. Pepala lija sindinalikopere."

Kumwetulira kwa azakhali kunatenga kanthawi kuti kuchoke. Anayang'ana mwana wa mchimwene wawo, kenako mwana wawo. Anaika timitengo tawo pa mbale, bwinobwino, tonse tiwiri mofanana.

Kunja, pa makwerero, kunkamveka mayi wa pamwamba uja akuitana mwana wake. Azakhali anaimirira, anapita pa windo la ku khitchini limene limayang'ana makwererowo, n'kulitseka mpaka chitsulo chake chinalira. Anabwerera, nakhala pansi, n'kukankhira mbale ya bakha pambali.

"Tsopano," anatero, "yambira pachiyambi."